Mawu Anga Atasasa, Felista Anatenga Ng'oma Zanga

Yesu Khristu atamandike, azimayi anzanga, ndi inu abambo ochepa amene mwabisala kumbuyo uko. Musadabwe kundiona ndagwira maiki m'kaholo kakang'ono ngati kano. Kale ndikanaiika pansi n'kukudzazani m'makutu ndi pakhosi panga pokha, koma manje ndinaphunzira. Amene simukumva bwino senderani pafupi, ine sindikuwa.

Ndine Amake Chisomo, wa kuno ku Railways. Atate anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, ine ndinabadwira kuno, n'kukwatiwa konkuno ndi a Tembo, nawonso a njanji mpaka anapuma. Akuluakulu a kwaya andipempha kuti ndikambe za matenda anga a pakhosi, chifukwa akuti ambiri mwa inu mukumadzuka Lolemba mawu atasasa. Anandipemphanso kuti ndikambe ndi mtima wokhululuka. Choyambacho ndichita. Chachiwiricho Mulungu akali kugwirapo ntchito.

Kupatula kwaya, ine ndinali ndi gulu langa la ng'oma. Tinkayimba pa kicheni pate ndi pa chilanga mulilo, mwambo uja tinaupeza kwa anzathu Abemba, pamene akuchikazi amasenza zakudya pamutu kupita nazo kwa mkamwini. Wotsogolera nyimbo ndinali ine. Ng'oma zikulira, nthungululu zili pakamwa pa aliyense, mawu anga ankadutsa pamwamba pa zonsezo popanda maiki. Wina akandipatsa maiki ndinkaseka, ndimvekere, "Kapatseni odwala." Ndinkanyada, sindikana.

Mu gulumo munali Felista wa ku Chililalila. Ameneyu ndinamutola ine. Anabwera asakudziwa ngakhale poyambira nyimbo, ng'oma ili uko iye ali uko. Ndinamuphunzitsa polowera, popumira, mpaka kamangidwe ka chitenge kuti chisamasuke povina. Ankanditchula kuti Amama. Ankadya nshima m'nyumba mwanga, kusamba m'manja m'beseni langa.

Nyengo yotentha ija maukwati amachuluka, inu mukudziwa. Loweruka chilanga mulilo m'mawa, kicheni pate masana, Lamlungu Misa yoyamba, mkati mwa sabata maliro, fumbi la Kabwe likulowa m'kamwa. Mawu anayamba kusasa. Ndinachita zimene tonse timachita: mazira aawisi, jinja ndi mandimu, maswiti aja ozizira pakhosi. Maswitiwo amangokunamiza kuti ululu watha, ndiye umakankha mawu kuposa kale. Nyimbo zapamwamba zinayamba kuduka pakati, kumeza malovu kunayamba kuwawa. Akuti ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika, koma ine mwambi umenewu ndinkaukambira ena.

Ndinamuitana Felista. Ndinati, "Mwana wanga, gwirako gulu masabata ochepa, ndipumitse pakhosi."

Anagwada, mwandi, mpaka kuwomba m'manja. "Amama, musade nkhawa. Malo anu palibe angakhalepo."

Mwezi usanathe foni yanga inasiya kulira. Ndinadzamva kwa Bana Mwansa, mayi wachikulire woimba ng'oma yaikulu, amene tinayamba naye gululo. Anabwera kunyumba maso ali pansi. Akuti Felista ankauza ma metroni, aja amakonza maphwando, kuti ine ndili ndi TB, ndikukhosomola magazi. "Mufuna akakhosomolere mu chakudya cha mkamwini?" Ganizani inu, pa ntchito yosenza mbale za anthu, mawu amenewo ndi kukumbira munthu manda. Oimba ng'oma onse anamutsatira, chifukwa nawonso ali ndi ana ofuna kudya. Ndipo akuti pa kicheni pate ina anasangalatsa anthu pondiyerekeza, kuyimba ngati chule, azimayi akugubuduka ndi phwete.

Apa ndiye ndinapenga. M'malo mopita kuchipatala ndinadziuza kuti Felista wandimangira mawu. Ndinakumbukira botolo la maheu limene anandipatsa tsiku lina, ndimvekere ndi pamenepo. Ine Mkatolika wobatizidwa ndili khanda, ndinakwera minibasi kupita kwa mneneri wina wa kutchire, njira ya ku Mulungushi. Iye anangondiyang'ana, n'kunena zimene mtima wanga unkafuna: "Mawu anu ali m'botolo, anawatsekera munthu amene munamudyetsa. Kuwani, amayi! Mdani samva pemphero la pansipansi!" Ndinakuwa. Tsiku ndi tsiku padzuwa, ndikukuwa dzina la Felista kuti moto umutsikire, mpaka ndinkamva kukoma kwa magazi kukhosi. Felista anangonenepa.

Kenaka mayi wina wa pamsika anandiuza kuti kachasu pang'ono amatenthetsa pakhosi n'kutsegula mawu. Ndinayamba ndi kachivundikiro kamodzi ngati mankhwala. Posakhalitsa kabotolo kanali kukhala m'thumba la ufa, kuti a Tembo asakaone. Sindinali kumwanso kuti ndiyimbe, ndinali kumwa kuti ndisamve ng'oma zanga zikudutsa mumsewu Loweruka popanda ine. Ndipo poti mawu okweza analibe, ndinkanong'ona. Tsiku lonse pafoni, pampanda ndi aneba, kunong'ona za Felista. Ine ndinkayesa kuti ponong'ona ndikupumitsa pakhosi.

Tsiku limene ndinafika pansi penipeni linali Loweruka masana, ku Chililalila. Ndinamva kuti Felista akutsogolera kicheni pate kumeneko. Ndinamwa, n'kumanga chitenge changa cha ntchito, n'kupita osaitanidwa. Ndinalowa pakati pa bwalo, mkwatibwi ali pamphasa atafundidwa chitenge, ndinalanda maiki m'manja mwa metroni. Inde, ine amene ndinkati maiki ndi ya odwala. Ndinati lero adziwe mwini nyimbo. Ndinatsegula pakamwa.

Kunatuluka mphepo chabe. Fuu, ngati tayala la njinga.

Ndinayesanso, misempha ya m'khosi ili njo, osatuluka kanthu. Kenaka ndinamva Felista, mwaulemu wake uja wa njoka: "Apatseni mpando Amama, adwala. Koma muwakhazike kutali ndi chakudya." Azimayi anakokera mbale zawo kumbuyo. Ena anaphimba mphuno ndi chitenge, kaya chifukwa cha TB kaya fungo la kachasu, sindidziwa. Anandigwira mikono n'kunditulutsa kunja kwa geti, ndipo ndinakhala m'ngalande, mayi wa ana akuluakulu, ndikulira kulira kopanda mawu. Bana Mwansa ndiwo anasiya ng'oma pakati pa nyimbo n'kukaitana amuna anga.

A Tembo ndi munthu wosakamba zambiri. Sanandikalipire. M'mawa mwake anatulutsa kabotolo kaja m'thumba la ufa, kusonyeza kuti ankadziwa kalekale, n'kukakhuthulira kuchimbudzi ine ndikuona. Lolemba anandiperekeza kuchipatala. Anandiyeza TB, sanaipeze. Anatitumiza ku Lusaka kwa dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi.

Pano ndifuna mumvetsere bwino, chifukwa ndi pamene moyo wanga unakhotera.

Dokotalayo anali mayi wachitsikana. Analowetsa kachingwe kokhala ndi kamera m'mphuno mwanga, kutsika mpaka kukhosi, n'kutembenuza kanema kuti nanenso ndione. Zaka zonsezi ndikudya za pakhosi panga, ndinali ndisanaonepo chimene chimayimba. Ndi tizingwe tiwiri ta mnofu, tating'ono kwambiri, timene timagundana mpweya ukamadutsa. Anandionetsa chithunzi cha ta munthu wabwinobwino, toyera, tosalala. Kenaka tanga. Tofiira, totupa ngati milomo ya mwana amene yamuluma njuchi, ndipo pakati panali timatuza tiwiri, kamodzi uku kamodzi uku, totchinga kuti tizingweto tisakumane.

Ndinanong'ona, "Adokotala, wandimanga ndani?"

Anandiyang'ana. "Amayi, palibe anamanga. Tizingwe utu mwatimenya mweka, inu eni ake. Kukuwa, mowa, utsi, kusapuma. Na kunong'ona uko muleke manje manje. Whispering iwononga kupambana kukamba."

Miyezi yonse ija ndikunong'ona, ndinali kupukusa chilonda. Anati ndikapitiriza, chotsala ndi opaleshoni, ndipo ngakhale atandichita opaleshoni sangalonjeze kuti mawu oyimbira adzabwerera. Koma ndikatseka pakamwa kotheratu kwa kanthawi, kenaka n'kuyamba pang'onopang'ono monga andiuzire, mwayi ulipo.

Mukuganiza kuti ndinathokoza? Awe. Ndinakwiya. Ndinkafuna kamera ija ipeze Felista m'khosi mwanga. Bodza la TB linali lake, kulanda gulu kunali kwake, koma chilonda chinali changa, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kachingwe ka m'mphuno. Tili m'basi kubwerera ku Kabwe ndinayamba kunong'onanso, "Ameneuja ndidzamu..." A Tembo anandigwira dzanja.

"Amake Chisomo, mufuna kumubwezera?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Mudzamubwezera ndi chiyani, mulibe mawu? Ife kunjanji injini ikatentha sitinali kuiwonjezera katundu. Tinali kuiika mu shedi. Lowani mu shedi, mukatuluke bwino, mukamugunde."

Ine ndinkayembekeza kuti anena za kukhululuka, ngati Abambo a parishi. Akanatero, mwina sindikanamva. Koma anandipatsa chifukwa chimene mtima wanga woipawu ukanatha kugwira. Kuchokera pa basi imeneyo ndinatseka pakamwa. Ndikuuzani zoona pamaso pa Mulungu: sindinachire chifukwa cha kufatsa. Ndinachira chifukwa ndinkafuna tsiku lina Felista adzandimve.

Kukhala chete n'kovuta, azimayi, makamaka kwa ife amene munthu akakupatsa moni osayankha ndiye kuti wamutukwana. Ndinkangowomba m'manja n'kupinda bondo. Ena anati ndayamba matama, ena anati ndazungulira mutu. A Tembo ndiwo anakhala pakamwa panga, kumsika akugula tomato n'kunenerera mtengo m'malo mwanga, moti azimayi a pamsika anawadyera masuku pamutu mpaka ndinkaluma chitenge ndi ukali. Kunyumba ndikafuna munthu ndinkagogoda poto ndi supuni. Ku Misa ndinkakhala kumbuyo, kwaya ikuphonya nyimbo ine ndikumva, osatha kuwakonza.

Ludzu la kachasu silinathe tsiku limodzi. Loweruka ng'oma zikamveka, miyendo inkafuna kupita kwa mayi wa pamsika uja. Ndinkatenga botolo la madzi n'kumwa mpaka mimba kudzaza, ndikuona m'maganizo tizingwe tanga tofiira tija. Madzi ndiwo anakhala mowa wanga, ndipo mpaka lero simudzandiona popanda botolo ili. M'mawa ndi madzulo ndinkafukiza nthunzi ya madzi otentha, madzi okha, osaikamo mankhwala opaka aja onunkhira, nditafunda chitenge kumutu. Mbaula ndinaitulutsa panja, chifukwa utsi wa malasha m'kakhitchini kotseka unkandipsereza. Chizolowezi chija chokhosomola mwadala kuti uyeretse pakhosi ndinasiya, pakandikanda ndimangomeza madzi. Adokotala anapezanso kuti chilungulira chinkandiwotcha kukhosi ndikagona, ndiye anandipatsa mankhwala n'kundiletsa tsabola ndi kugona nditangokhuta.

Yesero linabwera pa sitolo. Ndinakumana naye Felista maso ndi maso, atavala wigi yatsopano, anthu ali mbwee. Anakweza mawu kuti onse amve: "Amama! Muli bwanji? Ah, simuyankha? Kapena mawu akali ku garaji?" Anthu anaseka. Mawu onse amene ndinkafuna kumuuza anakwera mpaka pakhosi, ndipo anali mawu oti Abambo sangawamve mu kulapa osatuluka thukuta. Ndinaluma lilime. Ndinamuwombera m'manja mwaulemu n'kudutsa. Nditafika kunyumba ndinaswa mbale ziwiri, koma pakhosi panga sindinapagwiritse ntchito.

Titabwerera ku Lusaka kamera inaonetsa kuti kutupa kwatsika, timatuza tachepa. Anandilola kukamba pang'ono, mawu wamba, osakweza osanong'ona. Anandiphunzitsa kung'ung'udza pakamwa potseka ndisanayimbe, ngati mmene umatenthetsera thupi usanathamange, ndi kukoka mpweya kuchokera m'mimba, osati kufinya khosi. Ine wophunzitsa ena ndinabwerera mu giredi yoyamba. Mawu atabwerera sanali aja akale. Apamwamba penipeni aja anapita, sadzabweranso, ndipo ndinawalira. Koma m'malo mwake munabwera mawu apansi, olemera, amene sindinkadziwa kuti ndili nawo.

Bana Mwansa anali atamusiya Felista kuyambira tsiku la m'ngalande lija. Tinayamba awiri, iwo ndi ng'oma yawo, ine ndi kasipika konyamula m'manja ndi maiki, kuwonjezapo azimayi ochepa a mu kwaya muno oti tizilandizana nyimbo, chifukwa ndinalumbira kuti sindidzatsogoleranso ndekha kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Banja lina la kuno ku Railways linatiitana pa chilanga mulilo cha mwana wawo. Titafika pageti la mkamwini, mabeseni ali pamutu, ndinaona amene akuchimuna anaitana kuti atilandire ndi nyimbo. Felista, ndi ng'oma zanga zonse kumbuyo kwake.

Mukudziwa mmene zimakhalira pageti: awa ayimba, awa ayankha, aliyense afuna mbali yake imveke. Felista atandiona anamwetulira. Anakweza nyimbo pamwamba, pamalo paja ankadziwa kuti ndinkafikapo kale, n'kukodola oimba ng'oma kuti amenye mwamphamvu. Anali kundiitana kuti ndikwere naye. Ndipo thupi langa lonse linkafuna. Ndinamva khosi likukonzeka lokha. Ndinadziwanso kuti ndikakwera kamodzi kokha, mwina ndimugonjetsa mphindi imeneyo, koma ndibwerera pa tebulo la opaleshoni, ndipo iye adzayimba pa maliro a mawu anga.

Ndinatembenukira kwa Bana Mwansa n'kutsitsa dzanja. Anandimva. Ng'oma yawo inatsika mpaka kumangogunda pansipansi. Ndinaika maiki pakamwa n'kuyankha nyimbo ija ndi mawu anga atsopano, pansi, mosathamanga. Azimayi osenza mabeseni analeka nthungululu kuti amve. Akuchimuna nawonso anayamba kuuzana kuti, "Shh, tamverani." Oimba ng'oma a Felista, amene ndinawaphunzitsa ine, manja awo anatsika okha kutsata ng'oma ya Bana Mwansa. Felista anatsala yekha kumwamba kuja, akukuwa popanda womuthandiza. Anakankha, anakankhanso, ndipo pakati pa mzere mawu ake anathyoka. Ndinalidziwa phokoso limenelo. Ndinaitola nyimbo pamene iye anaigwetsera n'kuimaliza, geti linatsegulidwa, tinalowa ndi chakudya chathu.

Sindinamuyang'ane n'komwe. Koma mumtima, mwandi, ndinali kuvina.

Sabata yomweyo oimba ng'oma aja anabwera kunyumba mmodzimmodzi, akukanda kumutu. Ndinawalandira, chifukwa njala si mlandu, koma ndinawasiya ayime padzuwa kaye pang'ono. Ma metroni anayambanso kuimba foni, omwe aja ankakokera mbale kumbuyo.

Ndiye inu amene mawu anu asasa ndipo masabata akupita osabwerera, musachite zanga. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Musafune mfiti, musafune kachasu, pitani akakuoneni pakhosi, chifukwa nthawi zina kusasa kumabisa matenda aakulu kuposa anga. Ndipo inu a soprano amene mumapikisana ndi ng'oma kuti akumveni a kubenchi lomaliza, ndikukuonani. Mulungu si wogontha.

Mwezi watha ndili kuchapa, ndinamva kugogoda pageti. Felista. Wigi palibe, mpango wakulunga m'khosi, m'manja muli maswiti ozizira aja. Anagwada pafumbi. Ananong'ona, movutika, "Amama, munamwa chani kuti muchire? Nithandizeni."

Satana anabwera pomwepo n'kukhala paphewa panga. Anati muuze za mneneri wa kutchire, muuze akakuwe. Ndinamuyang'ana mwana amene ndinamuphunzitsa kumanga chitenge, amene anauza tauni yonse kuti ndikhosomolera m'chakudya. Bodza linali pa lilime, lokonzeka. Koma ine ndinaona tizingwe tija ndi maso anga, ndipo ngakhale mdani sindingamutume kukang'amba take.

Ndinamuuza zoona. Ndinamuuza za dokotala wa ku Lusaka, za madzi, za nthunzi. Anatsegula pakamwa kuti ayambe kupepesa, ine ndinakweza dzanja.

"Felista, mankhwala oyamba ndi awa. Tseka pakamwa. Usakambe, usanong'one, usatchule dzina la munthu aliyense, ngakhale langa, mpaka adokotala akakulole."

Ndi malangizo oona, adokotala angandichitire umboni. Koma Abambo andikhululukire, chibadwire sindinapatsepo munthu mankhwala amene anandikomera ine wopereka ngati amenewo. Anadzuka, anawomba m'manja, anapita ali chete. Mpaka lero akali chete, ndipo ku Chililalila akuti kuli mtendere.

Ambuye akusungireni mawu anu. Amen.